Tryness ndi Zilembo za Pansi pa Penti

Tsiku limene anamutcha mfiti, Tryness Sakala anali atakwera pa ndowa pakhonde la shopu ya a Oliver pa Katete, dzanja lina litapanikiza pepala kukhoma, lina likusisita khala papepalapo. Dzuwa linali litangotuluka kumene. A Oliver tsiku limenelo anabwera msanga, ndipo osafunsa n'komwe anamukoka chitenje, mwana wamkazi n'kugwa chagada pa simenti.

Anthu a pa Katete mumawadziwa, sachedwa kusonkhana pakakhala choonera chaulere. A njinga zonyamula anthu, amayi a tomato, ngakhale amene ankadikira basi ya ku Chipata, onse anaunjikana. A Oliver ankauza aliyense kuti manje aipeza nkhani. Miyezi itatu makasitomala akungoidutsa shopu yawo ngati mulibe munthu, kani pali wina amene amalawirira kudzakoka mwayi wa shopu ndi mankhwala. Wina anakhuthulira pansi chikwama cha Tryness. Munatuluka makala, singano yaikulu yosokera matumba, mapepala obooledwa timabowo, ndi sokosi yakuda yomanga kukamwa, m'kati muli phulusa.

Basi, mlandu unathera pomwepo. Mayi wina wa tomato anati chimenechi ndi chitaka cha mtundu watsopano. Wina anati iye ankaona kale kuti mtsikanayu maso ake si abwino. Mapepala aja anawang'amba n'kuwaponya pa mbaula ya wootcha chimanga, ndipo Tryness anabwerera kunyumba chigongono chikutuluka magazi, ndowa ataisiya komweko.

Ine zimandinyansa mpaka lero, abale. Pa chigulu chonse chija, ena ophunzira mpaka ku koleji, panalibe ngakhale mmodzi amene anatsegula pakamwa kufunsa kuti kodi iwe, pepalalo ndi lachiyani. Ndiye inu amene mumadandaula kuti mwasiya zimene munayamba chifukwa anthu sakukumvetsani, khalani pansi mumve bwino nkhani iyi.

Tryness anali mwana wamasiye wochokera kumudzi wina pafupi ndi Mkaika. Mayeso a giredi naini analephera kawiri, ndipo kachiwiriko aphunzitsi anachita kuwauza azakhali ake, a Getrude, kuti asavutikenso. Chimene ankachitha kusukulu chinali chimodzi chabe, kulemba mokongola. Matchati onse a m'kalasi ankalemba ndi iye, koma zimenezo pa mayeso sapatsa nazo malikisi. A Getrude anamutengera ku Katete n'kumupatsa ndowa ya vitumbuwa kuti azigulitsa m'mbali mwa msewu waukulu.

Wogulitsa vitumbuwa amalawirira, ndipo kulawirirako n'kumene kunamuonetsa chinthu chimene tonsefe tinkachidutsa tsiku ndi tsiku osachiona. Mashopu akale aja, omangidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ambiri anapakidwa penti ya makampani otsatsa malonda, chifukwa makampaniwo amapenta ulere ndipo ife chaulere sitikana. Koma penti yakale inali yolimba ndi yochindikala. Dzuwa likangotuluka, kuwala n'kumenya khoma cham'mbali, m'mphepete mwa zilembo zakale mumaoneka timizere totumphuka pansi pa penti yatsopanoyo. Ikamakwana seveni koloko dzuwa limakhala litakwera, ndipo khoma limangooneka losalala ngati lina lililonse.

Koma zilembo zake! Zina zonenepa, zokhala ndi mthunzi kumbuyo moti umaganiza kuti ungazinyamule ndi dzanja. Zina zazitali, zoonda, zopanikizana, zoti dzina lalitali likwane pamwamba pa chitseko chimodzi. Zina zopendekera kutsogolo, zolumikizana, chilembo chomaliza n'kutulutsa mchira wobwerera pansi pa dzina lonse. Zamchirazi zinali pa shopu ya a Oliver yokha, ndipo n'zimene Tryness ankazikonda koposa. Anazilemba ndani, palibe akudziwa.

Njira yozitengera anaipeza yekha. Ankatola matumba a simenti n'kusenda pepala la m'kati, loyera bwino lija. Akaliika pakhoma n'kusisita khala, timizere tija tinkatuluka papepala. Kunyumba ankatsata mzerewo ndi singano, akuboola timabowo. Akafuna kulemba pa thabwa, ankayala pepalalo n'kulimenyamenya ndi sokosi ya phulusa. Phulusa likadutsa m'timabowomo linkasiya timadontho, iye n'kumatsatira ndi bulashi. Ufiti wake wonse unali umenewo, abale, khala, singano ndi sokosi.

Anali atayamba kale kupeza tintchito. Alimi obwera ndi thonje ndi mtedza ankamupatsa ngolo zawo kuti awalembere mayina kumbuyo, ndipo ngolo yolembedwa ndi Tryness umaizindikira ikali patali.

Kuchokera tsiku lija zonse zinaima. Vitumbuwa ankabwerera nazo kunyumba zili zodzaza ndowa. Mlimi wina ng'ombe yake itatsegula m'mimba anapala zilembo zonse pa ngolo ndi chikwanje, m'malo mokafuna mankhwala a ng'ombe. A Oliver anaitana munthu wodziwa za mankhwala kuti adzasambitse shopu, kenako anagumula pulasitala yense wa kutsogolo n'kumata wina. Zilembo zamchira zija zinatha motero, papepala ndi pakhoma pomwe, ndipo sizidzaonekanso. Makasitomala sanabwerere ayi, poti vuto linali loti pafupi anatsegulapo shopu ina yotchipa. Koma zimenezo panalibe amene ankafuna kuzimva.

Kumpingo nako nkhani inafika. Akulu a mpingo anamuimitsa kwaya ndi mgonero, ati mpaka nkhani yake idzaunikidwe. A Getrude analira, kenako anakwiya, kenako anamuitana kuseri kwa nyumba.

"Iwe Tryness, dzina lako laipa pano ndipo likuipitsa ndi langa lomwe. Otcha mapepala otsalawo ubwerere kumudzi uzikalima."

"Azakhali, ndikaotcha ndiye kuti ndavomera," anatero Tryness.

Anamanga mapepala ochepa amene anatsala kunyumba n'kupita ku Sinda, kumene kunali mnzake wa kusukulu. Masana ankagwira ganyu yosenda mtedza, m'mawa n'kumazungulira mashopu akale a kumeneko. Tsopano anali atachenjera, ankayamba wapempha kaye. Koma kupemphako, ha! Amafotokoza bwinobwino, mwini shopu akugwedeza mutu ngati wamva, pamapeto pake n'kufunsa kuti nanga phulusalo ndi la mtengo wanji. Ambiri anamukana. Wina anavomera koma anaimirira pambali ndi Baibulo m'manja mpaka ntchito itatha. Wina anati akamaliza khalalo alisiye pomwepo, asapite nalo. Tryness ankangoti zikomo, n'kulisiya.

Patatha miyezi isanu anali ndi mitundu iwiri ya zilembo, zonenepa ndi zazitali zija. Zimene sanazipeze pakhoma lililonse ankazipanga yekha poyang'ana zinzake, kulemba n'kufuta, kulemba n'kufuta, mpaka chilembo chatsopanocho chifanane ndi abale ake. Atamva kuti ku Vubwi, poti ndi boma latsopano, mashopu akungomera opanda mayina, anakwera lole ya feteleza yodzera ku Chadiza.

Ku Vubwi anapeza anthu akukoleka nsalu za pulasitiki zosindikiza pa kompyuta, zochokera ku Chipata, zimene dzinja limodzi lokha zimakhala zitasuluka n'kumalendewera. Woyamba kumuyesa anali a Elias, mwini chigayo. Tryness anawalembera zilembo zonenepa zija, zofiira, mthunzi wachikasu, zoti munthu wa pa njinga aziwerenga asanafike n'komwe. Amalonda ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique ankaima kufunsa kuti walemba ndani. Anatsatira wometa tsitsi, wogulitsa mbewu, mayi wa malo odyera, mpaka malo khumi. Pakona ya ntchito iliyonse ankalembapo dzina lake ndi tizilembo tating'ono, monga amachitira aliyense wolemba zikwangwani. Kwa chaka ndi theka anapuma, ndipo anayamba kunenepa.

Ndiye kunabwera wogula soya wina wa ku Katete. Munthu wabwera kudzagula soya, bwanji osangogula soya wako n'kumapita? Iye ayi. Anawerenga dzina pakona ya chigayo, n'kukhala pansi kuwafotokozera amayi odikira kugayitsa nkhani yonse, mothira mchere. Sabata isanathe, Vubwi yense anali atamva za sokosi yakuda.

A Elias anabwera kwa Tryness akuyang'ana pansi.

"Mayi, ine ntchito yanu ndilibe nayo vuto. Koma dzina lanulo pakonapo mulifute, anthu ayamba kukagayitsa kwina."

Analifuta. Ndi bulashi yake yomwe, ndi dzanja lake lomwe. Enawo ataona nawonso anapempha chimodzimodzi, ndipo analifuta malo onse khumi. Zilembo ankazifuna, mwini zilembo osamufuna. Ine pamenepa ndi pamene mtima umandiwawa kwambiri, kuposa ngakhale kugwa pa ndowa kuja. Ntchito zatsopano zinasiya kubwera. Kumpingo wa ku Vubwi nako anamuuza kuti sangamulandire popanda kalata yosamukira yochokera kumpingo wake wakale, ndipo kalatayo inali itagwidwa ndi mlandu uja wosaunikidwa.

Apa Tryness anaona kuti kothawira kwatha. Kupitirira Vubwi ndi malire a dziko, ndipo ngakhale akanadumpha malirewo, ogula soya amafikanso kumeneko. Dzina lake linayenera kukayeretsedwa komwe linadetsedwa.

Anayamba kupita ku msonkhano wa akulu a mpingo ku Katete, umene unkakhala kamodzi pamwezi. Ulendo wa pa lole, fumbi mpaka m'mano. Koyamba anapeza wapampando ali kumaliro. Kachiwiri a Oliver, amene anali odandaula, sanabwere, ati atanganidwa. Kachitatu akulu anakambirana za malata a nyumba ya abusa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, iye atakhala pabenchi panja, n'kudzamuuza pomaliza kuti nthawi yatha. Zoona, munthu wachokera ku Vubwi, inu n'kumakangana za malata?

Ulendo wachinayi anamulowetsa. Wapampando anali a Duncan, mphunzitsi wopuma wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Sanali munthu woipa, koma anali wa mtundu uja wofuna kuti nkhani iliyonse ithe mwakachetechete, kaya chilungamo chikhalepo kaya chisakhalepo. Anafotokoza mofatsa kuti nkhaniyi yakhalitsa, kuti umboni ndi wovuta mbali zonse, ndiponso kuti akulu amumvera chisoni.

"Mayi Sakala, ingovomerani kuti munalakwa. Tikupempherereni, kalata mutenge lero lomwe, muzipita mumtendere."

Abale, tisanamizane, ambirife tikanavomera. Zaka pafupifupi zitatu zakuvutika, kalata ili pa tebulo pomwepo, chotsala n'kungogwada mphindi ziwiri. Tryness mwini amanena kuti miyendo inafuna kugwada yokha. Koma anadziwa kuti akagwada, kalata adzaitenga, ndipo aliyense pa Katete adzati mwaona, wavomera yekha.

"Sindingalape chimene sindinachite, atate," anatero. "Koma mawa sikisi koloko mubwere nonse pakhomo la tchalitchi. Khala mubweretse lanu, pepala la simenti lanu. Ine sindikhudza kanthu."

Akulu anayang'anizana. Wina anati kumeneku n'kuderera bwalo. Wina anati bwanji ngati akufuna kutikola tonse pamodzi. A Duncan, mwina chifukwa cha uphunzitsi wawo wakale, anati palibe choopsa pa khala lochokera pa mbaula ya akazi awo, ndiye abwera.

M'mawa mwake kunabwera akulu asanu ndi awiri, ndi anthu ena ambirimbiri amene palibe anawaitana. Ndinakuuzani kale za anthu a pa Katete. Tryness anaimirira patali, manja atawapinda kumbuyo kuti aliyense aziwaona. Anapempha kuti atulutse tebulo aliike pakhomo, a Duncan akwerepo.

Khoma la pamwamba pa chitseko linali loyera mbee, poti chaka chilichonse Pasaka akamayandikira amayi a chigwirizano ankalipaka laimu. Tryness kuyambira tsiku limene anafika ku Katete ankaona timizere pamenepo Lamulungu lililonse akalawirira ku kwaya, koma sanayerekeze n'kamodzi komwe kukhudza khoma la tchalitchi.

A Duncan anakwera, akulu awiri atagwira miyendo ya tebulo. Anayala pepala n'kuyamba kukhula mwamphamvu ngati akutsuka poto. Panangoda bii. Wina m'gulumo anaseka. Tryness anawauza kuti atenge pepala lina, asunthire kumanzere, khala aligoneke cham'mbali, ndipo asamakanikize, azingosisita.

Anayesanso. Poyamba panalibe kanthu, kenako panatuluka mzere woongoka, wautali. Pambali pake wina. A Duncan anaima kaye, anakonza magalasi, n'kupitiriza. Chinatuluka chilembo chathunthu, chachitali, choonda. Anaitanitsa pepala lina, kenako linanso, osadikiranso kuuzidwa. Pang'onopang'ono linatuluka dzina lakale la mpingowo, ndipo pansi pake chaka, 1957.

A Duncan, akadali pa tebulopo, anauza anzawo kuti zilembo zimenezi akuzidziwa. Ali mwana, asanayambe sukulu, bambo awo ankawanyamula paphewa pakhomo lomwelo n'kumawalozera chimodzichimodzi, ndipo kuwerenga anayambira pamenepo. Sankakumbukanso kuti zinakwiririka liti. Anatsika, anayang'ana manja awo ali bii ndi makala, malaya oyera aja atada mpaka m'chigongono.

"Ngati uwu ndi ufiti," anatero, "ndiye muyambe kuimitsa ine."

Mukuganiza kuti panapezeka wopepesa? Aaa, kuti? A Oliver atamva anati iwo sananenepo kuti mfiti, anangoti zokayikitsa. Mayi wa chitaka uja anati iye ankadziwa kuyambira kale kuti mwanayu ali ndi mphatso. Mlimi wopala ngolo uja anabwera nayo ngoloyo kuti amulemberenso, akudandaula kuti zilembo zoyamba zija sizinachedwe kufutika. Ine ndikanakhala Tryness ndikanamuthamangitsa ndi chitini cha penti, koma iye anangomulembera. A Getrude okha ndi amene anamugwira dzanja n'kulira, ngakhale nawo liwu loti pepa linawakanika kutuluka.

Lamulungu lotsatira a Duncan anaimirira kutsogolo kwa mpingo wonse, anakweza mapepala aja m'mwamba, n'kunena momveka kuti Tryness Sakala alibe mlandu, ndipo kuti akulu analakwa kumusunga zaka zitatu osamufunsa. Mpingo unamupatsa ntchito yobwezeretsa zilembozo pamwamba pa chitseko. Anagwira masiku anayi, sokosi yake ya phulusa ili poyera, ana a sukulu ndi akuluakulu omwe akukanganirana kuti aimenyeko.

Lero Tryness ali ndi malo ake m'mbali mwa msewu waukulu pa Katete. Eni malo ogona alendo amamufuna, a minibasi amamufuna, ena amachokera ku Lusaka kudzafuna zilembo zachikale zomwezo, ati ndiye zili m'fasho. Makoma amene tinkawapereka ulere kuti awakwirire, lero eni ake amamuitana kuti adzaone ngati pansi pake pali kanthu. Ndife anthu otopetsa zedi.

Koma chimene anachita atangomaliza pa tchalitchi paja ndi ichi. Sanadikire ntchito za ku Lusaka. Anatenga kalata yake, kachitini ka penti yakuda ndi kabulashi kakang'ono, n'kukwera lole ya ku Vubwi. Anafika pa chigayo masana, amayi ali pamzere ndi matumba awo, n'kupempha makwerero. A Elias anatuluka ufa uli m'tsitsi, n'kufunsa ngati pali chimene chalakwika pa chikwangwani.

"Palibe, bambo. Ndabwera kudzamaliza ntchito."

Anakwera, n'kulemba dzina lake pakona pamene analifuta. Anatsika, anapita kwa wometa tsitsi, kwa wogulitsa mbewu, kwa mayi wa malo odyera, mpaka malo onse khumi. Palibe amene anamupempha, ndipo palibe amene anayerekeza kumuletsa.

Ndiye inu amene mwapinda manja chifukwa wina wakusekani pa foni, kapena chifukwa achibale akuti zimene mukuchitazo n'zachilendo, mukufuna ndikuuzeni chiyani? Mtsikana wolephera giredi naini kawiri anapirira zaka zitatu akutchedwa mfiti, ndipo atamuikira kalata pa tebulo anakana kuigula ndi bodza. Musaotche ntchito yanu kuti anthu akusiyeni, ndipo musalape chimene simunachite. Akakana kumva ndi makutu, apatseni agwire okha ndi manja awo. Limbani mtima mupitirize, ndipo musamadikire kuti wina adzabwera kudzapepesa, chifukwa kwathu kuno mudikira mpaka mutakalamba.